Nkhunda ilila pa Kundalila, ife tili kalikiliki ndi sipika

Malipilo akangolowa kumapeto kwa mwezi, mafoni athu adzala ndi zolengeza za maulendo. Pamwamba aika cithunzi ca mathithi, pansi mtengo, ndipo alemba kuti basi, nyama yooca, zakumwa ndi DJ zonse zili momwemo, kupita ndi kubwela tsiku limodzi. Ife tinalipila, tinapita ku Kundalila, tinabwelako amoyo. Koma zimene tinaona kumeneko, ndi zimene tinacita ife eni ake, zatisiya ndi manyazi. Maulendo awa, mmene akonzedwela manje, ni cinyengo kwa olipila, ni nkhanza kwa dalaivala ndi gaidi, ndipo tsiku lina adzatibweletsela malilo.

Tiyambe ndi masamu, cifukwa okonza maulendo saika mapu pa zolengeza zawo. Kundalila ili m'boma la Serenje. Ucoka mu Lusaka, udutsa Kabwe, ufika pa Kapiri Mposhi, ukhotela kumanja, upitilila Mkushi, upitilila Serenje, mpaka pa Kanona. Pamenepo usiya tala ndi kulowa mseu wafumbi wa makilomita 14. Zonse pamodzi ni makilomita pafupifupi 480, kupita cabe. Kupita ndi kubwela ni pafupi ndi 1,000. Ife tinanyamuka 02:00 usiku pa Rosa, tinafika 10:00 itapitilila pang'ono, tinacokako 16:00, ndipo tinalowa mu Lusaka pakati pa usiku patapita. Maola 16 pa mpando wa basi, maola osakwana 6 pa mathithi. Amene akuuzani kuti uwu ni ulendo wokaona cilengedwe akunamizani. Uwu ni ulendo wokaona msana wa mpando wa mnzanu.

Dalaivala anali mmodzi. Pamene ife tinali kuwodzela pobwelela, mowa utatigwila, iye anali kupisha motoka usiku mu Great North Road, mseu wodzala ndi mathilaki a ku Nakonde ndi Dar es Salaam, atakhala maso pafupifupi tsiku lathunthu. Mu 2016 boma linaletsa mabasi onyamula anthu kuyenda kuyambila 21:00 mpaka 05:00, ndipo cifukwa cake tonse ticidziwa: ngozi za usiku zinali kupha anthu. Thupi la dalaivala silisintha cifukwa cakuti basi yake yahayidwa ndi gulu la pa WhatsApp. Ife amene tithandizako pa wailesi ya m'dela timawelenga zilengezo za malilo sabata iliyonse, ndipo tidziwa mmene mau amalemela pakamwa pamene zaka za malemu ni 24. Sitifuna tsiku lina kuwelenga maina 28 motsatizana.

Malo enieniwo alibe mlandu, ndipo ni cifukwa cake nkhani iyi itiwawa. Mtsinje wa Kaombe ufika pamphepete pa mapili a Muchinga ndi kudziponya pansi mamita pafupifupi 70. Ukaimilila pamwamba, maso ako apita kutali kuyang'ana ku cigwa ca Luangwa, dziko lonse lili pansi pa mapazi ako. Dzina lakuti Kundalila m'cilankhulo ca eni dela likamba za nkhunda imene ilila, ndipo ife a Cinyanja sitifunika womasulila kuti timve, pakuti nkhunda ndi kulila ni mau athu omwe. Amene anacha dzinali anakhala cete nthawi yokwanila mpaka anamva mbalame. Ife tinafika ndi sipika yaikulu ngati sutukesi, anyamata awili atainyamula. Pa anthu 28, palibe ngakhale mmodzi amene angakuuzeni kuti anamva nkhunda, ndipo ngakhale mkokomo wa madzi tinaupikisa ndi amapiano.

Pofika tinapeza amdala ena a m'mudzi wapafupi, a zaka za atate athu, amene anavomela kutitsogolela kutsikila ku dziwe la pansi pa mathithi. Asanayambe, anatipempha zinthu zitatu: tisiye mabotolo a mowa pamwamba, ovala patapata ndi nsapato zotelela asatsike, ndipo tikafika pansi tisakwele pa miyala yonyowa ya pafupi ndi pogwela madzi. Mnyamata wina anayankha kuti, "Iwe mdala, talipila ise, tionetse cabe njila." Gulu lonse linaseka. Nafenso tinaseka, ndipo ico ndico citivutitsa mpaka lelo. Munthu amene kunyumba tikanamupatsa moni titagwada, kuthengo tinamuitana kuti iwe, cifukwa sanavale yunifomu ndipo sanatilankhule m'Cizungu.

Zimene anatiuza sizinali zamwambo kapena zoopseza ana. Miyala imene imwazidwa madzi caka conse imela ndele, ndipo itelela ngati sopo. Madzi a m'dziwe la pansi pa phili ni ozizila kwambili, ndipo munthu amene wamwa mowa akadumphilamo, mpweya umubanika mwadzidzidzi, miyendo ilema msanga, koma mutu umuuza kuti ali bwino. Pansi pogwela madzi, madzi azungulila ndi kukokela munthu mkati. M'nyengo ya mvula, kucokela mu November mpaka April, mvula ingagwe kumtunda kumene simukuona, mtsinje n'kudzala inu muli kujambulana padzuwa. Ndipo njila yotsika inamiza: kutsika ni kosavuta, koma kukwela pobwelela, mimba itadzala nyama ndi mowa, ni nchito ina. Zonsezi amdala aja azidziwa cifukwa akhala ndi mtsinje uja moyo wawo wonse. Ife tinauona koyamba pa Facebook. Akulu anati safunsa anadya phula, koma ife tinapambana safunsa, cifukwa tinauzidwa osafunsa n'komwe, ndipo tinakana.

Mtsikana wina anatsika ndi patapata, anakwela pa mwala wonyowa kuti cithunzi cioneke bwino, anatelela, ndipo bondo linagunda mwala. Mwamwayi sanagwele m'madzi. Koma kuimilila sanathe. Foni kunalibe netiweki. Wokonza ulendo analibe bandeji, analibe ngakhale Panadol. DJ anacepetsako nyimbo pang'ono. Amene anamunyamula kukwela naye phili, nthawi yoposa ola, ni amdala aja ndi mwana wa mlongo wawo, pamene ife amphamvu a ku jimu tinali kumbuyo kupuma wefuwefu, titagwila mafoni.

Manje mvelani malipilo awo. Aliyense wa ife analipila K900. Anthu 28, ndiye kuti K25,200. Basi inalipilidwa, mafuta analipilidwa, nyama, zakumwa, ndalama ya pa geti, DJ, zonse zinali ndi mzela wake. Amdala aja anapatsidwa K50 ndi nyama yotsala m'mbale ya pulasitiki. Titafunsa, wokonza ulendo anati gaidi sanali pa bajeti. Cikhala kuti aliyense wa ife anaonjezela K20 cabe, ndalama imene titaya pa bandulo ya intaneti osaganiza kawili, akanalandila K560. Tiganize bwino: munthu woimba nyimbo za ena kucokela pa laputopu anali pa bajeti, munthu amene anasunga miyoyo yathu sanalipo.

Ena akamba kuti tinalipila kale pa geti. Inde, Kundalila ni cimodzi mwa zipilala za dziko, ndipo isamalidwa ndi National Heritage Conservation Commission, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1989. Ndalama ya pa geti ni yosamalila malo. Si malipilo a munthu wa m'mudzi amene wasiya munda wake kuti akutengeleni cola ndi kukugwilani dzanja potsetseleka. Anzathu a ku Malawi pa phili la Mulanje anaikonza nkhaniyi kalekale: ukafika pa Likhubula upeza magaidi ndi onyamula katundu ali ndi bungwe lawo, mitengo yawo idziwika, ndipo mlendo sakangana nawo ngati agula tomato pa Soweto. Ifenso tikapita ku Livingstone, wotiyendetsa akavala shati yolembedwa dzina la kampani, tilipila mosanyinyilika ndipo tionjezelapo. Nanga n'cifukwa ciani tikafika kwa munthu wa ku Kanona manja auma? Yankho lake ni loipa koma ni loona: tiyesa munthu ndi zovala ndi cilankhulo, monga mmene atsamunda anali kuyesela ambuye athu.

Tisaiwale zimene tinasiya. Mabotolo osweka pa miyala pamene ana a m'mudzi ayenda opanda nsapato, mapaketi a tekawe, mapulasitiki akuyandama m'dziwe. Madzi aja sathela pa cithunzi cathu, apitiliza ulendo kutsikila ku cigwa, kumene kuli anthu ndi nyama zimene ziwamwa. Ife a mu Lusaka tiyenela kukhala oyamba kucita manyazi. Kumayambililo kwa 2024 kolela inavuta mpaka Heroes Stadium inasanduka cipatala, masukulu anacedwa kutsegulidwa, ndipo tonse tinali pa wailesi ndi pa Facebook kudandaula za zinyalala m'ngalande za Kanyama ndi Chawama. Miyezi itapita, takwela basi makilomita 480 kukayamba Kanyama wina pa mtsinje woyela. Ndipo si zinyalala cabe. M'dela lomwelo muli phanga la Nsalu, mmene muli zojambula za anthu akale kwambili, ndipo alipo alendo amene anaona kuti n'koyenela kulembapo maina awo. Dzanja limene lilemba dzina pa mwala wa makolo ndi limene liponya botolo m'dziwe ni limodzi.

Tidziwa zimene ena adzayankha, ndipo zina mwa izo ni zoona. Adzati kwa zaka zambili kukwela mapili tinali kukucha kuti ni za azungu, manje acinyamata ayamba kuyenda m'dziko lawo, inu muwadzudzula. Zoona, ni cinthu cabwino kuti mwana wa ku Matero adziwe Kundalila, Chishimba ku Kasama, Ntumbachushi ku Kawambwa, Lumangwe pa mtsinje wa Kalungwishi, Ngonye ku Sioma, ndi Kalambo kumalile ndi Tanzania, kumene madzi agwa mamita oposa 200. Kwa nthawi yaitali mlendo wocoka ku Ulaya anali kudziwa malo awa kupambana ife eni dziko. Ico ndico cifukwa cake tikalipa. Ngati kuyenda kwathu kutanthauza phokoso, zinyalala ndi kunyoza eni dela, anthu a m'midzi ija adzayamba kukonda mlendo wakunja ndi kuopa basi ya ku Lusaka, ndipo sadzakhala olakwa.

Adzatinso ndalama ni zocepa, ndipo anchito ali ndi Ciwelu ndi Sondo cabe. Nazonso ni zoona. Koma onani kumene ndalama zipita. Cotsani DJ ndi theka la mowa, mupeza ya gaidi, ya dalaivala waciwili ndi ya kabokosi ka mankhwala. Pa Kundalila pali malo ogona m'matenti. Nyamukani pa Ciwelu kutaca, gonani kumeneko, tsikani ku dziwe pa Sondo m'mamawa mitu ili bwino, bwelelani kukali kowala. Ngati muli ndi tsiku limodzi lokha, sankhani malo a tsiku limodzi. A mu Lusaka ali ndi Lusaka National Park pafupi, a ku Chipata ali ndi phili la Kanjala pakhomo. Ndipo ngati cimene mufuna ni kuvina ndi kumwa, palibe colakwa, mabala ali mbwee mu Kabwata ndi mu Chilenje, ndipo kumeneko kulibe phompho la mamita 70.

Adzati ndife okalamba, tifuna kulanda acinyamata cisangalalo. Ayi. Tifuna kuti mulandile cimene mwalipilila. Munthu amene wapita ku mathithi n'kubwelako ndi zithunzi 200 ndi mutu wowawa, osadziwa dzina la mtsinje, osamva mbalame, osafunsa amdala aja kuti mtengo uwu ni wanji ndipo ucilitsa ciani, waba ndalama zake yekha. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mphamvu ili ndi ife olipila, cifukwa okonza maulendo agulitsa cimene tigula. Musanatumize ndalama pa foni, funsani m'gulu, poyela, kuti onse aone yankho. Tinyamuka nthawi yanji, tibwela nthawi yanji, ndipo madalaivala ni angati? Gaidi ni ndani, ni wa kumeneko kodi, ndipo alandila zingati? Ndani anyamula mankhwala, ndipo wina akathyoka mwendo pansi pa phili ticita ciani? Masaka a zinyalala alipo? Mowa utsegulidwa tisanatsike kapena titakwela? Wokonza ulendo amene akwiya ndi mafunso awa, kapena kukucotsani m'gulu, wakuyankhani kale, ndipo sungani K900 yanu.

Inunso okonza maulendo, ambili a inu ndinu anzathu, acinyamata amene mwadzipangila nchito m'dziko limene nchito zisowa, ndipo ico tikulemekezani naco. Koma mukatenga ndalama ya munthu ndi kumukweza basi, moyo wake uli m'manja mwanu mpaka atsike pakhomo pa amai ake. Lembani malipilo a gaidi pa colengeza monga mulembela nyama. Pitani kumaloko inu nokha musanatengeko anthu. Gwilizanani mtengo ndi eni dela musanafike, osati pamene basi yaliza kale injini.

Ife tili ndi nkhongole ku Kanona. Tasonkhelana ndalama pang'ono m'gulu lathu, ndipo mwezi wa June, mvula itatha ndi njila itauma, tibwelela ndi masaka opanda kanthu, nsapato zotseka ndi madalaivala awili. Sipika idzatsala mu Lusaka. Tikafika tidzayamba tafunafuna amdala aja, tiwapatse moni woyenela, tiwafunse dzina lawo, cifukwa tsiku lija pa anthu 28 palibe amene analifunsa.