Mboni ili ndi mikono iwiri, ndiye tisaseke?

Pali anthu amene amakhulupirira kuti nkhani yowawa iyenera kukambidwa ndi nkhope yapamaliro basi. Filimu ikakhala ya ufiti, nkhanza kapena umphawi, iwo amafuna kanyimbo kachisoni, mwana wamisozi, kenako bwana wataye wotiuza zoyenera kuchita. Ukaseka amakuyang'ana ngati waba chopereka. Ine ndikuti mafilimu oterowo ndi amene amatigonetsa tulo. Timalira mphindi ziwiri, n'kubwerera pa WhatsApp mtima uli mbee, poti woipa mufilimumo ndi wina, osati ife.

Taonerani I Am Not a Witch ya Rungano Nyoni, mayi wobadwira ku Lusaka koma wokulira ku Wales. Inatuluka mu 2017, chaka chotsatira n'kupata mphoto ya BAFTA. Nkhani yake ndi ya kamtsikana kotchedwa Shula, kamene anthu a m'mudzi wina ku Zambia akanamizira ufiti. Kupolisi, bambo wina akupereka umboni mwamphamvu kuti mwanayu anamudula mkono ndi nkhwangwa. Mikono yake yonse iwiri ili pompo, bwinobwino. Kenako zikudziwika kuti anali maloto. Umaseka, sungachitire mwina. Koma phwete lisanathe n'komwe, mwana uja wamutengera kale kumsasa wa "mfiti". Apo m'pamene umazindikira kuti umboni wopusawo wagwira ntchito.

Kumsasako amayi okalamba anawamangirira maliboni oyera ataliatali kumsana, akuti asauluke. Nyoni anakakhalako kumsasa weniweni wa amayi oterewa ku Ghana pofufuza, koma malibonowo ndi nzeru zake. Wina anganene kuti n'kukokomeza. Eya, n'kukokomeza, ndipo n'zimene zikufunikazo! Mayi amene mudzi wamuloza chala amakhala pachingwe moyo wake wonse, kungoti chingwecho sichioneka. Filimuyi yangochipatsa mtundu kuti maso athu asathawe.

Ndiye pali a Banda, bwana wa boma. Munthu wansangala, wapakamwa pokoma, woti paukwati mungamupatse maikolofoni. Akutenga Shula kuti azikaloza akuba pamilandu, mpaka kupita naye pa TV kukatsatsa mazira. Funso litabwera loti bwanji ngati ameneyu ndi mwana chabe, a Banda akusowa chonena. Bamboyu si chilombo cham'nthano, abale. Tonse tili ndi malume amene amalankhula choncho, ndipo nthabwala zawo timazikonda.

Ndikudziwa chimene ena akunena: eti filimu ngati iyi ikutisandutsa choseketsa cha azungu ku Cannes. Koma onani mmene yayambira. Alendo atsika m'basi ndi makamera, akujambula agogo okhala kuseri kwa mpanda ngati nyama za ku Liwonde. Nyoni wayamba n'kuseka woonererayo asanaseke wina aliyense. Amene akuona kuti filimuyi ikutichititsa manyazi andiuze kuti manyazi aakulu ndi ati. Mu Januwale 2016 ku Neno anthu anapha okalamba anayi, mphezi itapha mtsikana wina. Lamulo loletsa kunenera munthu ufiti tili nalo kuyambira 1911. Zaka zoposa 100, koma agogo akuthawabe m'nyumba zawo usiku. Nkhope zachisoni takhala tikuonetsa pamaliro onsewa. Zaletsa chiyani?

Amene simunaonere mundikhululuke, ndiulula mathero. Chilala chavuta, Shula amulamula kuti abweretse mvula, mvula osabwera. Kenako tikungoona mtembo wake waung'ono, atautaya pathengo. Amayi aja akumulira, ndipo mvula ikuyamba kugwa. Pofika apa palibenso akuseka, ndipo ukakumbukira kuti ola lapitalo unali kugwa nalo phwete chifukwa cha a Banda, nsima yamadzulo imavuta kumeza.