Njinga yaing'ono ija si chidole

Tsiku lina ndikuchokera m'kalasi ndinaona mnyamata wamtali akupalasa kanjinga ka BMX, mawondo akuchita kugunda mahandulo. Mnzanga anati, "Wabera mwana njinga ameneyu." Ndinaseka nawo, koma pano ndikuona kuti tinalakwa.

Kwathu kuno njinga ndi yantchito. Imanyamula makala, thumba la chimanga, wodwala wopita kuchipatala, ndipo wakabaza amadyetsera banja lake. Ndiye njinga yopanda kaliyala, ya giya imodzi, matayala a mainchesi 20, timangoiyesa choseweretsa. Komatu kuchepako n'kwadala. Njinga yotere imapepuka, imalimba, ndipo ukadumpha nayo imamvera.

Masewerawa anayamba ndi ana a ku California cha m'ma 1970, amene ankatsanzira mipikisano ya njinga zamoto ya motocross pa malo opanda ntchito. Mu 2008 analowa m'masewero a Olimpiki ku Beijing, ndipo Sifiso Nhlapo wa ku South Africa anafika mu fainolo. Mariana Pajón wa ku Colombia anapata mendulo ya golide mu 2012 ndi 2016. Anthu asanu ndi atatu amanyamukira pamodzi pachitunda cha mamita 8, ndipo mpikisano wonse sutenga ngakhale mphindi imodzi.

Ena anena kuti zimenezi n'za mayiko olemera. Pang'ono akunena zoona: bwalo ngati la Olimpiki n'lodula, chipewa choteteza mutu nachonso sichotchipa. Ngakhale Bethany Shriever wa ku Britain anachita kupempha ndalama kwa anthu pa intaneti asanapambane golide ku Tokyo mu 2021.

Koma ana a ku California aja sanayambe ndi bwalo. Anali ndi dothi basi, ndipo dothi sitilisowa. Ine ndemwe ndili wamng'ono ndinkatsetsereka pachulu ndi njinga ya bambo, mpaka ndinapinditsa limu n'kudya zikoti. Palibe anandiuza kuti zimenezo n'masewera amene anthu amapikisana.

Pa sukulu pano tikati zamasewera, ndiye mpira wamiyendo ndi wamanja. Sindikudana nazo ayi. Ndikungopempha kamalo kopanda ntchito kali kuseri kwa mahositelo, wilibala ndi mafosholo awiri. Mitumbira yodumphirapo tiumba tokha Loweruka, ndipo mnyamata tinamuseka uja ndikamupeza ndimupempha atiphunzitse.