Makina oyeza madzi m'mitsinje: chenjezo liyambire kumtunda

Mvula ikagwa yambiri ku mapiri a Angónia ndi Tsangano, madziwo amatsikira mu mtsinje wa Revúbuè, womwe umathira mu Zambezi pa mzinda wa Tete. Mu Malichi 2019 mtsinjewu unalowa m'nyumba ku Chingodzi ndi Matundo, ndipo mu Januwale 2022, nthawi ya namondwe Ana, unagumula mlatho wolumikiza Tete ndi Moatize. Madzi saiwala khwawa. Funso ndi lakuti: kodi uthenga ungafike kumunsi madziwo asanafike?

Iyi ndiyo ntchito ya makina oyeza madzi opanda mawaya. Kachipangizo kamamangidwa pa mlatho kapena m'mbali mwa mtsinje. Kamayeza kukwera kwa madzi pakangopita mphindi zochepa, kamayendera sola ndi batire, ndipo kamatumiza manambala kudzera pa netiweki ya foni. Zoterezi zikakhala zambiri mumtsinje umodzi, pamodzi ndi zoyezera mvula, akatswiri a ARA-Centro ndi INAM angaone madzi akuyenda kuchoka kumtunda, ndipo a INGD angachenjeze anthu nthawi ikadalipo.

Vuto ndi lakuti makinawa amafooka pa tsiku lomwe akufunika kwambiri. Mitambo ikakuta kwa masiku angapo, sola sadzaza batire. Mphepo ikagwetsa nsanja ya foni, manambala sachoka pa mtsinje. Choncho wokonza dongosololi ayenera kuika batire lokhalitsa, njira yachiwiri yotumizira uthenga monga wailesi kapena setilaiti, komanso kusiya munthu wa m'mudzi wowerenga chikwangwani cha milingo ya madzi. Sola imodzi ikabedwa kumtunda, midzi yonse ya kumunsi imatsala mumdima, nchifukwa chake mafumu ayenera kudziwa ntchito ya makinawa asanaikidwe.

Palinso nkhani ya malire. Madzi omwe amamiza minda ku Mutarara ambiri amabwera ndi mtsinje wa Shire kuchokera ku Malawi, monga zinachitikira ndi namondwe Freddy mu Malichi 2023. Ngati manambala a mbali imodzi safika mbali inayo msanga, chenjezo limachedwa. Bungwe la ZAMCOM, la maiko a m'chigwa cha Zambezi, lilipo kuti lithandize kugawana uthenga wotere.

Bungwe la United Nations likufuna kuti pofika 2027 munthu aliyense azilandira chenjezo. Kwa mlimi wa m'dimba, izi zidzakhala zoona pokhapokha uthengawo ukamveka m'chinenero chake, pa wailesi kapena pa foni, ukunena mtsinje wake, ora lake ndi kothawira, ng'ombe ndi pampu zisanakokoloke.