Fomu 3 Si Chaka Chopumira

Pali mwambo wina umene wazika mizu m'sukulu zathu za sekondale, umene sunalembedwe m'buku lililonse la malamulo, ngakhale kuti ana amausunga mokhulupirika koposa malamulo olembedwawo: mwambo wakuti mwana akakhoza mayeso a JCE, nalowa Fomu 3, ndiye kuti wafika pamthunzi, ndipo ayenera kutula katundu, kupukuta thukuta, ndi kugona tulo kufikira Fomu 4 idzamdzutse. Ine ndinena mosapsatira kuti mwambo umenewu wagwetsa ana ochuluka koposa amene agwa chifukwa cha kuuma mutu, pakuti mayeso a MSCE safunsa za chaka chotsiriza chokha, koma amafukula zonse zimene mwana anaphunzitsidwa m'zaka ziwirizo, ndipo amene anagona chaka choyamba amalowa m'chipinda cha mayeso atasenza nkhokwe yodzala mbali imodzi.

Tiyeni tione m'mene bungwe la MANEB limayezera. Phunziro lililonse limapatsidwa giredi kuyambira 1 kufikira 9: 1 ndi 2 ndiko kupambana kwenikweni, 3 kufikira 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndiko kungopulumuka, ndipo 9 ndiko kulephera. Mapointi amene makolo amafunsana pachigayo ndi pabwalo la tchalitchi amachokera pa maphunziro asanu ndi limodzi amene mwana wachita bwino koposa, kotero kuti wa mapointi 6 ndiye wafika pansonga. Wolephera Chingerezi salandira satifiketi, ngakhale atawala ngati dzuwa m'maphunziro ena onse. Ndipo wofuna kusankhidwa kupita ku yunivesite ya boma ayenera kukhala ndi makirediti asanu ndi limodzi, Chingerezi chili momwemo. Tsono mwana amene anadana ndi masamu mu Fomu 3, namathawira kuseri kwa chimbudzi belu la phunzirolo likalira, wadzitsekera yekha makomo amene sadzatseguka ndi misozi ya mu Fomu 4.

Ndiponso m'chaka chomwechi ndimo mwana amasankha maphunziro amene adzalembe, ndipo ambiri amasankha monga munthu wogula nsalu mumdima: uyu atsata bwenzi lake, uyo atsata mphunzitsi wosakalipa, winayo athawa phunziro limene anamva mphekesera kuti ndi lovuta. Patapita zaka ziwiri, mtsikana amene mtima wake unali pa unamwino ku KUHeS, kapena mnyamata amene ankalota za uinjiniya ku MUBAS kapena ku MUST, apeza kuti maphunziro a sayansi amene anawataya ndiwo mfungulo ya khomo limene akugogodapo. Safunsa anadya phula. Kufunsa mphunzitsi wamkulu, kapena m'bale amene anapita kale kukoleji, kuti ntchito yakutiyakuti ifuna maphunziro ati, sikulira ndalama, koma kumapulumutsa zaka.

Ndani mwa ife amene sanaone zochitika m'masabata otsiriza mayeso asanayambe? Mwana akhala pampando usiku wonse, miyendo ataiviika m'beseni la madzi ozizira kuti tulo tisamgwire, tochi ili kukamwa, akutembenuza makope amene mapepala ake akadamatana chifukwa sanatsegulidwepo chilembereni. Kunja kukamacha maso ali psuu, mutu uli wii, ndipo zimene waloweza usikuwo zimauluka woyang'anira mayeso akangong'amba envulopu. Ameneyu afanana ndi mlimi wobzala chimanga mvula ikutsanzika, nadabwa kuti mnansi wake akukolola. Yosefe ku Aigupto sanayembekeze njala kuti ayambe kumanga nkhokwe, koma anakundika m'zaka za mwanaalirenji. Ndipo kwa mwana wasukulu, mwanaalirenji wa nthawi ali mu Fomu 3, pamene mayeso akadali kutali ndipo mphunzitsi ali ndi mpata wobwereza chimene sichinamveke.

Ndipo mtima wopanda nkhokwe ndiwo umathamangira likasa. Tisaiwale zimene zinaoneka m'chaka cha 2020, pamene mayeso a MSCE anaimitsidwa ali mkati chifukwa mapepala anali atawanda m'mafoni, ndipo ana onse, olakwa ndi osalakwa omwe, anakalembanso mu Januwale 2021. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere: satifiketi yobera ingathe kumlowetsa munthu pakhomo, koma siingathe kumgwirira ntchito akalowa.

Ndidziwa kuti wina adzanditsutsa, nati n'kwapafupi kulalikira khama kwa mwana wa sukulu yogonera konko, amene belu limamuitanira kukawerenga madzulo pansi pa magetsi, koma nanga mwana wa sukulu yoyendera ya CDSS, amene amayenda mtunda wautali m'mimba muli pululu, buku limodzi akulimbirana anthu ambiri, ndipo zipangizo za sayansi amayamba kuzigwira mayeso atayandikira? Mawu amenewa ndi oona, ndipo mlandu wake uli pa boma ndi pa ife akuluakulu. Koma chifukwa cha chomwecho mwana wotereyu ndiye sayenera kutaya ngakhale teremu imodzi, popeza chuma chokha chimene ali nacho mofanana ndi mnzake wa m'tauni ndicho masiku a chaka. Ana anayi kapena asanu okhala pansi pa mtengo wamango Loweruka lililonse, akusinthana buku ndi kufunsana mafunso a mayeso akale, amafika patali, pakuti tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha.

Kwa inu makolo, amene mwagulitsa mbuzi ndi mtedza kuti mulipire fizi, pempho langa ndi lakuti musadikire zotsatira za MANEB kuti mudziwe za mwana wanu. Funsani lipoti la teremu iliyonse. Mpepukitseni mtsikana pa mtondo ndi pachitsime kuti naye aone buku dzuwa lisanalowe. Ndipo ngati akukhala m'nyumba ya lendi pafupi ndi sukulu, kamuoneni kumene agona ndi amene ayenda nawo. Musamuopsezenso kuti kunja kwa yunivesite kulibe moyo, pakuti makoleji a ntchito zamanja monga Soche, Nasawa ndi Namitete, pamodzi ndi makoleji a uphunzitsi, nawonso amayang'ana satifiketi yomweyo.

Pamene Blantyre Secondary School inatsegulidwa mu 1940, ndi Zomba Catholic mu 1942, ana a dziko lino amene anapeza mpando wa sekondale anali owerengeka, ndipo ngakhale lero ambiri amene amalemba mayeso a Sitandade 8 saupeza. Iwe mwanawe amene waupeza, nufika nawo mu Fomu 3, mmera mpoyamba: tsegula kope lako usiku uno.