MPANDA WA PAKI ULI PA MSIKA WA NSUNGWI

Anthu ambiri okhala m'mizinda akamva za malo osungirako nyama ndi zachilengedwe, amene masiku ano tingowatchula kuti mapaki, amayesa kuti imeneyo ndi nkhani ya alendo odzaona dziko ndi asilikali a gemu basi. Munthu wa pa Nsungwi, ku Area 25 mu mzinda wa Lilongwe, angafunse kuti: "Kodi ine paki ndili nayo chiyani, poti ngakhale chipata chake sindinachionepo?" Funsoli nlomveka, koma yankho lake lili pafupi kuposa m'mene tiganizira. Lili m'mbale ya ndiwo, pa benchi la wogulitsa nsomba ndiponso m'manja mwa mmisiri wosema ziboliboli. Paki siitetezedwa ndi mpanda ndi mfuti zokha ayi, koma ndi zimene ife tidya, tisema ndi kugula.

Titenge chitsanzo cha Lake Malawi National Park, paki ya ku Cape Maclear m'boma la Mangochi. Boma lidaikhazikitsa m'chaka cha 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO lidailemba m'kaundula wa malo amene ali chuma cha dziko lonse lapansi. Kukula kwake ndi masikweya kilomita pafupifupi 94, kuphatikizapo mapiri, zilumba monga Domwe, Thumbi, Mumbo ndi Maleri, ndiponso madzi a m'mbali mwa gombe, mtunda wa mamita 100, m'mene kuŵedza nkoletsedwa. Chimene chidaipatsa ulemu wotere si njovu kapena mikango, koma tinsomba tamaŵangamaŵanga tokhala m'miyala, totchedwa mbuna, timene mitundu yake yochuluka siipezeka kwina kulikonse. M'kati mwa pakiyi mulinso midzi, monga Chembe, Msaka ndi Mvunguti, ndipo anthu ake adalira nyanja ndi nkhalango yomweyo kuti apeze chakudya ndi ndalama.

Tiyambe ndi zakudya. Mlendo aliyense wofika kunyanja afuna kulaŵa chambo, ndipo ifenso tikalandira malipiro kutha kwa mwezi timafuna chambo chomwecho. Koma mu 2018 bungwe la IUCN, limene limaŵerengera zamoyo zimene zili pangozi, lidalengeza kuti mwa mitundu inayi ya chambo, itatu ili pafupi kutheratu. Chambo chachikazi chimasunga mazira ndi ana ake m'kamwa kufikira atakula pang'ono, kotero kuti wochigwira pa nyengo yoswana wapha banja lonse nthaŵi imodzi. Nchifukwa chake kuyambira pa 1 Novembala chaka chilichonse boma limaletsa makoka ena pa nyanja, ndiponso lamulo sililola kugwira chambo chosakwana masentimita 15.

Tsono nsomba sizidziŵa malire a paki, ndipo msodzi saponya khoka popanda womugula. Kasawala, ndiye mwana wa chambo, akaoneka pa mulu pa msika wa Nsungwi, ndiye kuti kunyanja wina wakoka ukonde wa maso ang'onoang'ono, mwinanso masikito amene adapatsidwa kuti ateteze ana ake ku malungo. Nsomba yoŵamba nayonso ili ndi mbiri yake, pakuti kuŵamba kumadya nkhuni zambiri, ndipo m'midzi ya m'kati mwa paki nkhuni zili pafupi ndi za m'mapiri otetezedwa. Mitengo ikatha m'phiri, mvula imakokololera dothi m'nyanja, dothilo nkukwirira miyala imene mbuna zimadyapo ndere. Motero ndalama imene mayi atulutsa pachitenje ku Area 25 imakagwira ntchito pa mtunda woposa makilomita 200, kaya yomanga kaya yopasula.

Kudziletsa pa nkhani ya nsomba si nzeru yobwera ndi azungu. Pa chilumba cha Mbenji, m'boma la Salima, a Mfumu Makanjira ndi anthu awo akhala akutseka usodzi chaka ndi chaka kuyambira m'zaka za m'ma 1950. Mvula ikayamba asodzi amachoka pachilumbapo, ndipo sabwerera kufikira mwezi wa Epulo. Mbenji sali m'paki, komabe mwambo wa mudzi wachita zimene malamulo a m'mabuku alephera m'malo ena ambiri. Ngati asodzi atha kupirira miyezi ingapo osaponya ukonde, kodi ife ogula tingalephere kupirira miyezi yochepa osafuna chambo cha m'nyanja?

Apa eni mahotela ndi malesitilanti, a kunyanja ndi a mu Lilongwe muno, ali ndi udindo waukulu. Pa nyengo yoswana achotse chambo cha m'nyanja pa mndandanda wa zakudya, ndipo auze mlendo chifukwa chake mopanda manyazi. M'malo mwake aphike makumba ndi chilunguni za m'maiŵe a alimi, usipa woyanika padzuŵa, mpunga wa Kilombero, nkhwani wotendera, bonongwe ndi chisoso, ndipo chakumwa chikhale thobwa kapena madzi a malambe, amene ku Mangochi ali mbwee. Mlendo woyenda ulendo wautali kudzaona Malaŵi sadzera zakudya za kwawo. Kumpatsa zakwathu ndiko kumlemekeza, ndiponso ndiko kusiya ndalama yake m'manja mwa mlimi wapafupi.

Nkhani ya luso la manja ili chimodzimodzi. Pa Chembe, ndiponso pafupi ndi positi ofesi ya ku Old Town mu Lilongwe, amisiri amayala ziboliboli, mabawo, mipando ya mafumu ndi zithunzi zojambula pansalu. Mtengo umene ogula aukonda kwambiri ndi phingo, wakuda bii ndi wolemera, umene ku Ulaya amapangira zitoliro zoimbira. Koma phingo amatenga zaka 70 kapena kuposerapo kuti akhwime, pamene kumudula ndi ntchito ya m'maŵa umodzi. Pa msonkhano wa CITES wa ku Johannesburg mu 2016, maiko adagwirizana zoti malonda a mitengo ya mtundu umenewu pakati pa maiko aziyendera zilolezo. Phingo akatha m'minda ndi m'thengo la mudzi, nkhwangwa imaloza kumene watsala, ndiko m'nkhalango zotetezedwa. Nzomvetsa chisoni kuti chiboliboli cha njovu chisemedwe ndi mtengo wobedwa kumene njovuyo ikhala.

Komatu mtengo wa chiboliboli suyenera kukhala m'thabwa, uyenera kukhala m'dzanja la mmisiri. Pa Mua, panjira yopita kunyanja, Bambo Claude Boucher adayambitsa malo a Kungoni mu 1976, ndipo amisiri ophunzira pamenepo adatchuka chifukwa chosema moyo wa Acheŵa, Angoni ndi Ayao monga uliri, osati kungobwereza nyama zomwezomwezo. Ku Dedza, kuyambira mu 1987, dongo lasanduka makapu ndi mbale zimene alendo amanyamula kupita nazo kutsidya kwa nyanja. Ndipo dzina lenileni la msika wathu litikumbutse kanthu. Nsungwi ukaidula imaphukanso pa tsinde pomwepo, nikhwima m'zaka zoŵerengeka. Malichero, madengu ndi mipando yoluka ndi nsungwi, zipewa ndi mikeka ya mlaza, zosema za malaina kapena za mtengo wa mango wokalamba, zonsezi zingathe kulowa m'sitolo ya paki popanda kugwetsa phingo ndi mmodzi yemwe.

Chotero ndikupempha a Dipatimenti yoona za mapaki ndi nyama zakutchire kuti aganizire zokhala ndi chizindikiro chawo, chimene chiziikidwa pa katundu yekhayo wopangidwa m'dziko muno ndi zipangizo zosaononga chilengedwe. Telala wa pa Nsungwi asoke malaya ndi zikwama zokhala ndi chithunzi cha mbuna, wojambula wa pa Chembe alembe dzina lake pa ntchito yake, ndipo gawo lina la phindu libwerere ku midzi ya m'kati mwa paki. Munthu amene mwana wake alipira sukulu ndi ndalama ya chithunzi cha mbuna sangalole mnzake kukoka khoka m'miyala ya mbunazo. Mlonda wotere safuna yunifolomu.

Ena adzati: "Mukunena izi chifukwa mwakhuta. Wosauka amagula chimene ndalama yake yakwanitsa." Mawu aŵa ali ndi choonadi, ndipo sitingaweruze mayi wogula kamulu ka nsomba zazing'ono kuti ana ake asagone ndi njala. Nchifukwa chake katundu wolemera ayenera kusenzedwa ndi amene ali ndi mpata wosankha: eni mahotela, ogula nsomba zodzaza galimoto, ogulitsa ziboliboli kunja, ndi ife a malipiro apamwezi. Komanso tisaiŵale kuti chambo chikatha, wolemera adzagula nyama ya ng'ombe, pamene wosauka adzatsala ndi mchere wokha. Akuluakulu adati nkhuyu zodya mwana zidapota wamkulu; pa nkhani iyi zatembenuka, pakuti zimene tikudya akulufe zidzapota ana athu.

Tsono, aŵerengi, polowa mu msika maŵa tifunse mafunso aŵiri okha: nsomba iyi yakula kodi, nanga chosema ichi ndi cha mtengo wanji? Wogulitsa akamva funso limodzimodzi kwa anthu khumi, adzalitengera kwa msodzi ndi kwa wodula mitengo, ndipo kumeneko lidzamveka kuposa kalata ya ku likulu. Madzi akatayika saoleka. Mtundu wa nsomba ukatha m'nyanja palibe fakitale imene ingaupangenso, ndipo phingo wodulidwa lero adzam'bwezera ndi zidzukulu zathu, ngati tidzakhale titawasiyira mbewu.