Ng'ombe ikamazungulira, mpeni si mankhwala

Alimi anzanga, ng'ombe kapena mbuzi ikayamba kuzungulira malo amodzi, kudzandira ngati yaledzera kapena kuuma khosi, ambirife timathamangira mpeni kuti tipulumutseko nyama. Khalidwe limeneli ndi loopsa.

Zizindikiro zoterezi zimasonyeza kuti vuto lafika ku ubongo, koma matenda ake ndi osiyanasiyana. Ena amadza ndi nkhupakupa ndipo amachizika akadziwika msanga. Ena ndi chiwewe, chimene chilibe mankhwala, ndipo wosenda nyama yotere amaika moyo wake pachiswe.

Njira imodzi yosiyanitsira matendawa ndi kupima madzi amene amakuta ubongo ndi kutsikira mu msana. Pa ng'ombe, dokotala wa ziweto amameta ubweya chakuchiuno, kutsukapo bwino, kubayapo mankhwala a dzanzi, n'kulowetsa singano yaitali pakati pa mafupa a msana. Madzi a chiweto chathanzi amakhala oyera ngati a pa mjigo. Akatuluka ambuu, kawirikawiri ndiye kuti mwalowa tizilombo. Koma akaganizira chiwewe satero ayi. Amapima ubongo chiweto chikafa.

Vuto ndi lakuti madziwa sachedwa kuonongeka, amafunika kupimidwa pasanathe ola limodzi. Otengedwa ku Mzimba kapena ku Nsanje sangafike pa nthawi yake ku labotale ya ziweto ku Lilongwe. Choncho boma liike zipangizo zopimira m'maofesi a ziweto a m'maboma onse.

Mbali yathu alimi ndi iyi: patulani chiwetocho, musakhudze malovu ake, itanani mlangizi wa ziweto. Musayerekeze kubaya nokha, singano ikaphonya ng'ombe ikhoza kupuwala.