ZA MAGALIMOTO NDI MISEU: Thanki Yaciwiri ya Lori Yatsopano

Caka ndi caka, cimanga, soya ndi nshawa zikagulitsidwa, mabanja ena a ku Petauke, Katete, Chipata ndi Lundazi asonkha ndalama zao nazitumiza kwa mwana kapena mphwao wokhala ku Lusaka kuti agule lori ya banja. Loriyo igona m'komboni monga ya Marapodi, Mandevu kapena Chaisa, ndipo nchito yace ndiyo kutuma katundu kumudzi ndi kubwera nazo mbeu ku msika wa Soweto. Ganizo limeneli ndi labwino, pakuti banja lokhala ndi galimoto yaceyace silidyeredwa ndi anthu ogula mbeu pa mtengo wotsika. Koma malori ambiri amene alowa m'dziko masiku ano, makamaka ogwirapo kale nchito ku Japan ndi ku Ulaya, ali ndi cinthu cimene malori akale analibe. Pambali pa thanki ya dizilo pali thanki ina yaing'ono ya cibvundikiro ca buluu. Munthu wogula lori osadziwa za thanki imeneyi angataye cuma conse ca abale ace.

M'thanki yaing'onoyo muthiridwa madzi ochedwa AdBlue. Ngakhale dzina lace linena za buluu, madziwo ndi oyera mbee ngati a kumwa. Si mafuta, sayaka moto, ndipo salowa m'injini konse. Pa magawo 100 alionse, magawo 32.5 ndi yureya woyengedwa bwino ndipo magawo 67.5 ndi madzi ocotsedwa mcere ndi zitsotso zonse. Muyeso umenewu unalembedwa m'lamulo la maiko onse lochedwa ISO 22241, ndipo cigubu ciriconse ca AdBlue weniweni cikhala ndi nambala imeneyi pa cikalata cace.

Nchito ya madziwa ndi kuyeretsa utsi. Injini ya dizilo ikatentha kwambiri itulutsa mpweya woipa umene akatswiri aucha NOx. Mpweya umenewu suoneka ngati utsi wakuda, koma upsereza mapapo, uyambitsa cifuwa ndiponso ukulitsa mphumu. Pampu yaing'ono ipopera AdBlue pang'onopang'ono m'paipi ya utsi. Kutentha kwa m'paipimo kusandutsa yureya kukhala amoniya, ndipo amoniyayo akakomana ndi utsi m'cibokosi capadera cimene ciri pansi pa lori, mpweya woipawo usanduka naitrojeni ndi nthunzi ya madzi, zinthu zimene sizipweteka munthu.

Nzeru imeneyi inafala cifukwa ca malamulo a maiko kumene magalimoto apangidwa. Kampani ya Nissan Diesel ku Japan inayamba kugulitsa lori yotere m'caka ca 2004. Ku Ulaya malamulo a utsi anakhwima m'caka ca 2005, nakhwimanso m'zaka zotsatira, kotero kuti malori akulu a Scania, Volvo, DAF ndi Mercedes-Benz anayamba kutuluka ndi thanki yaciwiriyi. Ngakhale Canter, lori yaing'ono imene mlimi aliyense wa kum'mawa aidziwa, inayamba kupangidwa ndi makina amenewa ku Japan m'caka ca 2010. Malori a zaka zimenezo ndiwo agulitsidwa tsopano monga ogwirapo kale nchito, ndipo afika kuno kudzera pa Nakonde ndi pa Chirundu.

Akulu anati walira mvula walira matope. Wofuna lori ya mtundu uwu awerengere mtengo wa AdBlue pamodzi ndi wa dizilo, wa matayala ndi wa msonkho wa pa mseu. Kawirikawiri lori idya malita atatu kufikira asanu a AdBlue pa malita 100 alionse a dizilo. Kucokera ku Lusaka kufika ku Chipata pali makilomita pafupifupi 570, ndiye kuti 1,140 kupita ndi kubwera. Ngati lori idya malita 20 a dizilo pa makilomita 100, ulendo wonse ufuna malita 228 a dizilo ndi malita a AdBlue osapitirira 12. Ndalama yace ndi yocepa poyerekeza ndi ya dizilo, koma woyendetsa akaiwala madziwa ulendo wonse uonongeka.

Cifukwa cace ndi ici. Lori yotere iri ndi kompyuta imene iyang'anira thanki yaing'onoyo. Madzi akacepa, nyali iyaka pamaso pa woyendetsa kumcenjeza. Akanyozera cenjezolo ndipo madzi natha, kompyuta icepetsa mphamvu ya injini, lori niyamba kukwawa ngati kamba. Magalimoto ena akazimitsidwa thanki iri youma sayakanso kufikira madziwo atathiridwa. Izi si kuonongeka kwa injini ai. Opanga anazikonza dala kuti galimoto isayende ikuipitsa mpweya. Koma lori yodzaza matumba a cimanga kapena mabokosi a tomato ikataya mphamvu pa zitunda za pakati pa Nyimba ndi mlato wa Luangwa, kumene sitolo yogulitsa madziwa iri kutali, tomato aola ndipo katundu agona pa mseu. Motero woyendetsa wanzeru adzaza thanki asananyamuke ku Lusaka, nanyamulanso cigubu cimodzi cosatsegula.

Ngozi yaikulu kwa anthu a kumudzi iri pa dzina lakuti yureya. Mlimi aliyense adziwa feteleza wa yureya, uja wa naitrojeni 46 pa 100 wothira cimanga cikafika m'maondo. Ena akamva kuti AdBlue ndi yureya ndi madzi, aganiza kuti angasungunule feteleza m'ndowa napulumutsa ndalama. Kucita tero ndi kuononga lori ndi manja ao. Feteleza wa kumunda ali ndi zosakaniza zina ndi mankhwala omuteteza kuti asagwirane m'thumba. Zimenezi sizibvuta m'nthaka, koma m'galimoto zitseka kabowo kopoperako madzi ndi kupha cibokosi coyeretsa utsi, cimene mtengo wace ndi waukulu kopambana.

Madzi wamba nawonso ndi mdani. Mzinda wa Lusaka unamangidwa pa thanthwe la laimu, ndipo komboni ya Marapodi inatenga dzina kwa Mtaliyana wina, Marrapodi, amene anali kuocha laimu m'masiku oyamba a mzindawu. Mai aliyense wa m'komboni adziwa zoyera zija zimene zimatirira m'ketulo madzi a pa mpopi kapena a pa citsime akawira masiku ambiri. Zoyera zomwezo ndizo zimatirira m'mapaipi opyapyala a AdBlue munthu akaonjezamo madzi otere. Ndiponso malori atsopano ali ndi kacipangizo koyesa madziwo, ndipo akakhala osukuluka kompyuta icepetsa mphamvu monga ngati thanki iri youma. Cifukwa ca ici, AdBlue wogulitsidwa m'mabotolo otsegula m'mbali mwa mseu ayenera kukanidwa, ngakhale mtengo wace ukhale wokoma motani.

Kasungidwe kace kafunanso cisamaliro. Ku maiko ozizira madziwa aundana cisanu cikafika pa madigiri 11 pansi pa ziro, koma kuno mdani wace ndi dzuwa. Akasungidwa pa mthunzi, pamalo osapitirira madigiri 30, akhala bwino pafupifupi caka cimodzi. Cigubu cosiyidwa pamwamba pa katundu m'kutentha kwa mwezi wa October m'cigwa ca Luangwa ciguga msanga. Madziwa adya mkuwa ndi citsulo wamba, motero asasungidwe m'dramu kapena m'ndowa ya malata, koma m'cigubu cace comwe anagulidwiramo, cotseka bwino kuti fumbi lisalowe. Fanelo yothirira dizilo kapena oilo isagwiritsidwe nchito pa thanki ya buluu. Akatayikira pa lori auma nasiya zoyera ngati mcere. Zimenezi zitsukidwe ndi madzi.

Kulakwa kwina kumene kuononga malori ndiko kusokoneza mathanki awiriwa, makamaka usiku kapena pamene mnyamata wothandiza woyendetsa ali watsopano. AdBlue akalowa m'thanki ya dizilo, injini isalizidwe ngakhale kamodzi. Lori iime pomwepo kufikira makaniko atakhuthula thanki yonse ndi kuitsuka. Ikalizidwa, madziwo afika ku pampu ya dizilo ndi ku mainjekita nazidya dzimbiri, ndipo kukonza kwace kungapose ndalama za zokolola za caka cathunthu.

Dizilo weniweniyo ayeneranso kukhala woyera. Kwa zaka zambiri dziko lino linali kudalira mafuta oyengedwa ku Indeni mu Ndola, fakitale imene inatsegulidwa m'caka ca 1973, ndipo dizilo wa kumeneko anali ndi sulufule wambiri. Sulufule ndiye aononga zipangizo zoyeretsa utsi. Indeni inaleka kuyenga mafuta m'caka ca 2021, ndipo kuyambira m'caka ca 2023 paipi ya TAZAMA, ya makilomita 1,710 kucokera ku Dar es Salaam, inayamba kunyamula dizilo wa sulufule wocepa. Ici cathandiza eni malori atsopano. Koma thandizo limeneli lipita pacabe ngati woyendetsa agula dizilo wa m'zigubu wa m'mbali mwa mseu, amene nthawi zina asakanizidwa ndi parafini kapena madzi.

M'magaraji ena a m'makomboni muli amakaniko amene alangiza eni malori kuti acotseretu zipangizo zonsezi ndi kunyenga kompyuta, kuti lori iziyenda popanda AdBlue. Mwini lori ayenera kuganiza kawiri asanabvomere. Makaniko wosadziwa bwino akakhudza kompyuta, lori ingayambe mabvuto ena osatha, ndipo wogula wozindikira adzaitsitsa mtengo tsiku loigulitsa. Coposa izi, utsi umene ukanayeretsedwa utulukira m'tinjira topapatiza ta Marapodi, Kanyama ndi Chawama, kumene lori ilizidwa m'mamawa pafupi ndi zenera la mnansi, ndi kumene ana asewera ndi amai agulitsa ndiwo pa mseu. M'caka ca 2012 bungwe la zaumoyo la maiko onse, WHO, kupyolera mwa akatswiri ace ofufuza za khansa, linalengeza kuti utsi wa dizilo uyambitsa khansa ya m'mapapo. Ndalama imene mwini lori apulumutsa ilipidwa ndi zifuwa za ana a anzace, ndi za ana ace omwe.

Kusowa kwa madziwa kungagwere ngakhale maiko olemera. Kumapeto kwa caka ca 2021, dziko la China litacepetsa kugulitsa yureya kunja, malori a ku South Korea anatsala pang'ono kuima, mpaka boma la kumeneko linatumiza ndege ya asilikari ku Australia kukatenga malita 27,000. Mwini lori wa kuno, amene madzi ace acokera kutali, acita bwino kusunga cigubu cimodzi kapena ziwiri pa mthunzi nyengo yotuta mbeu isanayambe.

Safunsa anadya phula. Banja lisanatumize ndalama ku Lusaka, lifunse wokagulayo mafunso awa: kodi loriyo iri ndi thanki ya cibvundikiro ca buluu, kodi nyali ya cenjezo izima injini ikalira, kodi zipangizo za utsi zikalipo kapena zinadulidwa kale, ndipo kodi makaniko wodziwa kuyesa lori ndi kompyuta apezeka kuti. Mayankho akamveka, akulu a banja akhale pansi, awerengere dizilo, AdBlue ndi kukonzetsa pa ulendo uliwonse, ndipo woyendetsa ndi mnyamata wace aphunzitsidwe kusiyanitsa mathanki awiriwo lori isanayambe ulendo wace woyamba wa kumudzi.